Mtanda ndi Kalata Yake: Za Kusonkhanitsa Nyota Zakale za Apapa

M'mizinda ya ku Ulaya monga Roma, Vienna ndi London muli anthu amene amagula ndi kusunga nyota zakale zaulemu zocokera kwa apapa. M'nkhani ino tifuna kufotokoza zimene osonkhanitsa otere amayang'ana pozindikira msinkhu wa nyota, ndiponso cifukwa cake nyota yopanda kalata yake imakhala mboni yosakwanira.

Tiyambe ndi mawu. Cimene m'Cilatini cimachedwa ordo ndi gulu la anthu olemekezedwa, ndipo wolowamo ndi eques, kutanthauza msilikali wa pa kavalo. M'nthawi ya nkhondo zolimbirana Yerusalemu ena mwa magulu otere analidi a asilikali olumbira ngati amonke, koma pofika zaka za m'ma 1800 ambiri anali atasanduka njira yothokozera anthu otumikira Mpingo. Mtanda umene amavala tiziucha nyota, monga momwe timachulira za asilikali ndi apolisi, pakuti liwu lakuti mendulo limakokera maganizo ku mipikisano ya masewera.

Magulu a Papa mwini wake ndi asanu: la Khristu, la Militia Aurata, la Pius IX limene linakhazikitsidwa mu 1847, la Gregory Wamkulu la mu 1831, ndi la Sylvester Woyera. Mwa onsewa, mbiri imene imaphunzitsa wosonkhanitsa zambiri ndi ya Militia Aurata, gulu limene cizindikiro cake ndi kacitsulo kagolide komangirira ku cidendene, kamene wokwera amafulumizira nako kavalo. Mozart analandira ulemu umenewu mu 1770 kucokera kwa Papa Clement XIV ali ndi zaka 14 zokha. Koma mphamvu yoloweza anthu m'gululi inali itaperekedwanso kwa ena, monga banja la Sforza, ndipo iwo anagawa ulemuwo mosaumira mpaka unasukuluka. Mu 1841 Papa Gregory XVI anathetsa mphamvu zimenezo nayika gululi pansi pa dzina la Sylvester Woyera. Mu 1905 Papa Pius X analekanitsanso magulu awiriwa.

Kusintha kumeneku kunasiya mapazi pa citsulo. Mtanda woyera wa nsonga zisanu ndi zitatu wokhala ndi cithunzi ca Sylvester pakati, ngati uli ndi kacitsulo ka kavalo kolendewera kunsi kwake, ndiye kuti kapangidwe kake ndi ka pakati pa 1841 ndi 1905. Ngati kacitsuloko kulibe, mtandawo ndi wa pambuyo pake. Apa diso lokha likwanira.

Mtanda wofiira wa Gregory Wamkulu ndiwo umavuta, popeza maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni ciyambire. Kumbuyo kwake kuli mawu akuti Pro Deo et Principe, ndiye kuti cifukwa ca Mulungu ndi mfumu. Pamwamba pa mtanda wa anthu wamba pali nkhata ya masamba obiriwira, pamene wa asilikali uli ndi cifanizo ca zida zankhondo. Zonsezi zimatiuza mtundu wa wolandira, koma za caka sizinena kanthu. Wosonkhanitsa amayenera kufufuza tizidindo ta osula, monga a Tanfani ndi Bertarelli a ku Roma kapena a Rothe a ku Vienna, ndi kuona ngati mtandawo ndi wa golide weniweni kapena wa siliva wokutidwa ndi golide.

Komabe vuto lalikulu lili pena. Nyota zimenezi kawirikawiri sizilembedwa dzina la mwini wake. Cimene likulu la Mpingo limapereka ndi kalata ya m'Cilatini yochula wolandirayo, gulu lake ndi tsiku. Mtandawo amakagula kwa osula, iye mwini kapena dayosizi imene inamupempherera ulemuwo. Motero osula akhoza kupanga mitanda yambiri kuposa anthu olemekezedwa, ndipo wina aliyense wokhala ndi ndalama akhoza kukhala nawo. Ife tiona kuti wosonkhanitsa amene amalimbira kunyezimira kwa mtanda nanyoza pepala lofumbwa wagwira mthunzi. Mtanda, kabokosi kake ndi kalata zikapezeka pamodzi, ndipo zikagwirizana pa zaka, pamenepo tingathe kunena kuti uyu anavala ndi uje. Pano pali nchito ya odziwa zilankhulo, cifukwa kalata yabodza nthawi zina imagwidwa ndi Cilatini cake copunduka kapena dzina la papa losagwirizana ndi caka.

Palinso magulu odzipangira okha amene amabwereka maina a oyera mtima nagulitsa nyota ndi makalata omwe. Mu Okutobala 2012 ofesi ya Mlembi wa Boma ku Vatican inabwereza kunena kuti, kupatula magulu a Papa, imavomereza awiri okha: la Malta ndi la Manda Oyera a ku Yerusalemu. Osonkhanitsa ena amasungabe nyota za magulu osavomerezekawo, ndipo sitiwadzudzula, malinga azilembe dzina loyenera.

Zosowa koposa ndi za magulu awiri apamwamba. Wotsiriza wa m'gulu la Khristu anali Mfumu Baudouin ya ku Belgium, imene inamwalira mu 1993, ndipo wotsiriza wa Militia Aurata anali Jean, wolamula wa ku Luxembourg, amene anamwalira mu 2019. Wina akakumana ndi imodzi mwa nyota zimenezi pamsika, funso lake loyamba likhale la kalata.