Galimoto ya 4x4 ikakana kukoka m'matope

Walira mvula walira matope. M'dzinja alimi amene ali ndi galimoto zokoka ndi matayala onse anayi monga Land Cruiser, Hilux ndi Land Rover amazidalira potuta feteleza. Tsono galimoto ikatitimira, matayala akumbuyo okha n'kumazungulira, ambiri amathamangira kunena kuti transfer case yafa. Si nthawi zonse pamene zimakhala choncho, ndipo kuimasula kumadya ndalama zambiri.

Transfer case ndi kabokosi kamene kali kumbuyo kwa giyabokosi. Ntchito yake ndi kugawa mphamvu ya injini ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo kudzera m'mashafuti awiri.

Choyamba onani mahabu a matayala akutsogolo. Pa galimoto za mahabu opotokola ndi dzanja, onse awiri ayenera kukhala pa LOCK. Imodzi ikatsalira pa FREE kapena ikathyoka m'kati, kutsogolo sikukoka ngakhale ndodo ili pa 4H.

Kenaka imikani galimoto pamalo osatsetsereka, zimitsani injini, kokani handibuleki ndi kutchinga matayala ndi miyala. Ikani mahabu pa FREE, ndodo pa 4H, ndipo yesani kuzunguza shafuti yakutsogolo ndi dzanja. Ikakana kuzungulira, ndiye kuti transfer case ikugwira, vuto lili kutsogolo. Ikamazungulira popanda chotsekereza, onani kaye zitsulo zolumikiza ndodo ndi bokosilo musanaganize za m'kati.

Oyilo naye amaulula zambiri. Masulani bawuti yothirira ya m'mbali: oyilo ayenera kulekeza pakamwa pa bowolo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti munalowa madzi powoloka mtsinje ndipo musinthe msanga. Tizidutswa ta chitsulo m'oyilo ndi chizindikiro choti magiya kapena mabeyaringi akudyeka. Ngati oyilo akuchepa mu transfer case koma akusefukira m'giyabokosi, silu ya pakati pa ziwirizi yatha.

Tcherani khutu ku phokoso. Kulira kokwera limodzi ndi liwiro kumaloza ku mabeyaringi kapena kuchepa kwa oyilo. Kugogoda pokwera chitunda, pa galimoto zoyendera tcheni m'bokosimo, kumasonyeza kuti tcheni chatamuka. Koma gwedezani kaye majointi a mashafuti, pakuti nawo akatha amagogoda, chonsecho ndi otsika mtengo.

Mavuto ambiri timawaputa tokha. Kuyenda pa 4H pamsewu wa tala kumapanikiza magiya, chifukwa pokhota matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. N'chifukwa chake ndodo imakana kubwerera pa 2H. Musaimenye, bwererani m'mbuyo mamita angapo ndipo imasuka. Kuika matayala osiyana kukula kumaononganso chimodzimodzi. Pa Land Rover Defender, imene imakoka ndi matayala onse nthawi zonse, chopewa patala ndi diff lock.

Mukapita kwa makaniko, mufotokozereni zimene mwapeza, ndipo zitsulo zakale zimene wachotsa akuonetseni musanalipire.