Ofufuza chuma m'minda ya eni ku Britain

Alimi a ku England akangotha kukolola tirigu, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, m'minda mumalowa anthu ena amene sanalime nawo. Amabwera atavala jombo, mahedifoni ali kumakutu, fosholo ili paphewa, akugwedeza ndodo yokhala ndi chimbale kumapeto kwake, uku ndi uku, mwapang'onopang'ono ngati munthu wosesa pabwalo amene sakufuna kudzutsa fumbi. Eniake amadzitchula kuti ma detectorist. Ambiri ndi abambo, ndipo ndi ochepa kwambiri amene amadyera ntchitoyi. Pakati pa sabata ali ndi ntchito zawo, kumunda amapita Loweruka ndi Lamlungu.

Makinawo anatukuka chifukwa cha nkhondo. Mu 1941 msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, anapanga chipangizo chofufuzira mabomba okwirira, ndipo chinagwira ntchito ku El Alamein mu 1942. Makina a mtundu womwewu anathandiza kuchotsa mabomba ku Mozambique, dziko limene linalengeza mu 2015 kuti lathana nawo mabomba okwirira onse odziwika. A masiku ano, monga Minelab, Garrett ndi XP, ndi opepuka. Chimbale chija chimatumiza mphamvu ya maginito pansi, ndipo chikadutsa pamwamba pa chitsulo makina amalira. Msomali wadzimbiri umalira mobangula chapansipansi, siliva ndi mkuwa zimalira mokweza. Luso lonse lili m'khutu. Komabe khutu limanamizidwa, chifukwa kachitsulo kotsegulira chitini cha mowa kamalira pafupifupi mofanana ndi mphete yagolide. Munthu amagwada m'matope, n'kudula kadothi kozungulira, n'kupapasa ndi kachipangizo kakang'ono kam'manja, n'kutulutsa chivindikiro cha botolo. Amabwezera dothi bwinobwino, n'kupita patsogolo. Tsiku lonse likhoza kutha choncho: mabatani, misomali, tizidutswa ta mtovu.

Chovuta kupeza si makina ayi, koma munda. Popanda chilolezo cha mwini malo sungakumbe paliponse, ndiye anthuwa amagogoda m'makomo mwa alimi, ndipo amene walandira chilolezo amabisa malowo ngakhale kwa anzake a m'kalabu. Mgwirizano wozolowereka ndi wogawana pakati, theka wopeza, theka mwini munda.

Chimene chimawadzutsa m'mawa kuli chisanu ndi nkhani ngati ya Eric Lawes. Mu Novembala 1992, ku Hoxne m'dera la Suffolk, mnzake wolima anataya hamala m'munda n'kumupempha kuti amufunire. Lawes anapeza ndalama za Aroma pafupifupi 15,000 pamodzi ndi masipuni asiliva ndi zokongoletsera zagolide, zimene anazigamula mtengo wa mapaundi 1.75 miliyoni. Hamala ija inapezekanso, ndipo nayonso inakalowa ku British Museum. Mu Julayi 2009 Terry Herbert, amene panthawiyo sanali pantchito, anatulukira golide wolemera makilogalamu oposa 5 m'munda wa Fred Johnson ku Staffordshire, zambiri zili zokongoletsera za malupanga. Anagawana mapaundi 3.285 miliyoni, ndipo pambuyo pake ubale wawo unasokonekera, nkhani n'kufika m'manyuzipepala.

Koma kwa ine munthu woidziwadi ntchitoyi ndi Dave Crisp, wophika pachipatala, amene mu 2010 anakhudza mbiya yaikulu pafupi ndi Frome ku Somerset. Ataona ndalama zoyamba anasiya kukumba, n'kukwirira, n'kuitana akatswiri ofukula zakale. Iwo anachotsa ndalamazo mzere ndi mzere, zonse 52,503, akulemba zimene zinali pamwamba ndi zimene zinali pansi, ndipo anatha kuona mmene mbiyayo inadzazidwira. Akanazizula yekha, ndalama zikanapezeka zonse, koma nkhani yake ikanatayika. Mkangano wakalekale wa akatswiriwa ndi anthu a makina wagona pomwepa: chinthu chikachoka pamalo pake popanda wolemba, chimasanduka katundu wamalonda basi.

Boma linayesa kuwayanjanitsa. Lamulo la Treasure Act la 1996 limati wopeza golide kapena siliva wa zaka zoposa 300, kapena mulu wa ndalama zakale, adziwitse mkulu wa boma wotchedwa coroner pasanathe masiku 14. Myuziyamu ikafuna zinthuzo imalipira mtengo wake, ndipo ndalama ndi zimene amagawana. Zinthu zing'onozing'ono amakazionetsa mwakufuna kwawo ku Portable Antiquities Scheme, imene inayamba mu 1997 ndipo yalemba kale zinthu zoposa miliyoni imodzi. Ozembera lamulo aliponso, okumba usiku m'minda ya eni ndi m'malo otetezedwa, amene amawatcha ma nighthawk. George Powell ndi Layton Davies anapeza chuma cha nthawi ya Mfumu Alfred ku Herefordshire mu 2015, n'kuyamba kugulitsa mwamseri. Mu 2019 anaponyedwa m'ndende, ndipo ndalama zambiri mwa zimenezo sizinaonekenso.

Ofuna zotsalira za nkhondo ndi mtundu wina wa anthu, ndipo masewera awo ndi oika moyo pachiswe. Ku Britain amapeza mabaji a asilikali, mabatani a yunifolomu ndi zotsalira za zipolopolo pamalo amene panali misasa, koma ndege yankhondo imene inagwa sungaikumbe popanda laisensi, malinga ndi lamulo la 1986. Kuzungulira Ypres ku Belgium ndi ku Somme ku France, kumene kunamenyedwa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, makasu a mathirakitala amazulabe mabomba osaphulika chaka ndi chaka. Alimi amawaika m'mphepete mwa munda kuti asilikali odziwa ntchitoyo adzatole, ku Belgium gulu lake ndi DOVO. Ena mwa mabombawo muli mpweya wa poizoni. Mu 2014 bomba lotere linapha anthu awiri ogwira ntchito yomanga ku Ypres. Kumenekonso kumatuluka mafupa a anthu, ndipo kabaji kamene wina angakaponye m'thumba n'kukagulitsa pa intaneti mwina ndi kokhako kamene kakanadziwitsa dzina la malemuyo.

Okumba mabotolo makina alibe nawo ntchito kwenikweni, poti galasi sililira. Iwo amafunafuna madzala akale a nthawi ya Mfumukazi Victoria pa mapu akale, n'kumabaya pansi ndi ndodo yaitali yachitsulo mpaka amve phulusa kapena galasi likukhutchuka. Dzenje likazama limatha kugumukira wokumbayo. Botolo lodziwika kwambiri pakati pawo ndi la Codd, la zakumwa za gasi, limene Hiram Codd analipanga cha m'ma 1870: m'khosi mwake muli kampira kagalasi kamene mphamvu ya gasi inkakakankhira kukamwa n'kutseka botolo. Ambiri amapezeka oduka khosi, chifukwa ana a nthawi imeneyo ankawaswa kuti atenge kampirako akaseweretse.