GOFU: MA POINT 36 ASAKUNAMIZENI, PEPALA LA MEDAL NDIYE GALASI

Imwe a ku Lubuto, tiyeni tikambilane. Mukamva zakuti bola, maganizo athamangila ku Levy Mwanawasa Stadium, kwa ZESCO United olo Forest Rangers. Mukamva zakuti gofu, mukamba ati "awe, ivo ni va apamwamba." Koma muyang'anitsitse amene anyamula ma bag kumbuyo kwa mabwana pa Chiwelu m'mawa. Ni anyamata a m'makomboni, ndipo ena mwa iwo amenya ka bola aka bwino kupambana mwini bag.

Gofu si mlendo pa Kopala. Inabwela pamodzi na migodi, nthawi ya azungu. Kulikonse kwamene kunali mgodi waukulu, kunali na club: Nkana ku Kitwe, Nchanga ku Chingola, Roan Antelope ku Luanshya, Chibuluma ku Kalulushi, na ina ku Mufulira. Ndola nayo ili na yake, Ndola Golf Club. Ngakhale ba Kaunda anali kuikonda, mpaka kumenyela pa bwalo la mu State House mwenimweni.

Manje ngati mwayamba kumenya, olo mwana wanu ni caddie amene alota zakutali, pali mkangano wamene muzapeza pa club iliyonse. Ena akuti Stableford imalemalitsa munthu. Ena akuti medal imakweza handicap mopanda chifundo. Nanga zoona zili pati?

POYAMBA, HANDICAP NI CHANI?

Hole iliyonse ili na par yake, kutanthauza nambala ya ma shot yamene katswili afunika kumenya kuti bola ilowe: 3, 4 olo 5. Pa ma hole 18, ma club ambili par yonse imakhala pafupi na 72. Handicap ni ma shot amene mupatsidwa ngati mbasela, kuti imwe wophunzila mukwanitse kupikisana na munthu wamene anayamba kale. Ngati muli na ma shot 18, ndiye kuti hole iliyonse muli na shot imodzi ya mbasela.

Mu 2020, mabungwe awili amene asunga malamulo a gofu, R&A ya ku St Andrews na USGA ya ku America, anayambitsa World Handicap System kuti kapendedwe kakhale kamodzi padziko. Njila yake ni iyi: atenga ma round yanu 20 othela, asankhapo 8 abwino kwambili, apeza avaleji, poganizilanso kuvuta kwa bwalo lamene munamenyelapo. Kuti mupatsidwe handicap yoyamba, mufunika kupeleka mapepala a ma hole 54. Yapamwamba kwambili ni 54.0.

MEDAL NA STABLEFORD

Medal ilibe nsoni. Shot iliyonse ipendedwa, kuyambila pa tee yoyamba mpaka bola italowa pa hole ya 18. Mukamenya 11 pa hole imodzi, pa pepala palembedwa 11, basi.

Stableford ni ya ma point. Anaiyambitsa ni dokotala, Frank Stableford, ndipo mpikisano wake woyamba pa Wallasey Golf Club ku England unachitika mu 1932. Mkulu uyu anaona kuti anthu anali kung'amba mapepala hole imodzi olo ziwili zikawavuta. Ndiye anakonza njila yakuti hole imodzi isaononge tsiku lonse. Mukachotsa mbasela yanu, par ikupatsani ma point 2, bogey 1, birdie 3, eagle 4. Mukapitilila par na ma shot awili olo kuposa, mupeza zilo. Mutola bola yanu, muyenda kutsogolo. Ma point 36 atanthauza kuti mwamenya molingana na ma shot amene munapatsidwa.

PEPALA LIMODZI, NKHANI ZITATU

Tiyeni tiyelekezele mnyamata wa ku Lubuto wa ma shot 18, pa bwalo la par 72. Pa ma hole 16 wamenya bogey bogey, kulibe vuto. Koma pa ma hole awili a par 4, satana wamuyendela: bola mu thengo, bola mu manzi, bola mu mchenga. Pa hole iliyonse mwa awiliwo wamenya 11.

Pa Stableford, ali na ma point 32. Azalowa mu clubhouse akumwetulila, anzake amuuze ati "boi, lelo wayesako."

Pa medal, pepala lomwelo likamba 102. Mukachotsa 18, patsala 84, ma shot 12 pamwamba pa par. Azabwelela ku Lubuto mu basi ali zii, osakamba na munthu.

Manje chamene ambili sadziwa ni ichi. Pa handicap, malamulo ali na malile amene acha net double bogey: par, kuikapo ma shot awili, kuikaponso mbasela yanu ya pa hole iyo. Kwa mnyamata uyu, pa par 4, ni 4 kuikapo 2 kuikapo 1, yakwana 7. Ma 11 aja asanduka ma 7. Chamene chilowa mu handicap ni 94, kaya tsiku ilo munali kumenya medal kaya Stableford. Malile amenewa ni pamalo pomwe paja pamene Stableford ikupatsani zilo.

Mwaona? Amene athawa medal poopa kuti handicap izakwela, athawa mthunzi wawo. Nambala siisintha. Chamene chisintha ni zamene muphunzila.

APA NDIYE PALI NKHANI

Stableford ni mayi wachifundo. Kwa munthu amene angoyamba, ni yabwino ngako. Simuchedwetsa anthu a kumbuyo, simutaya mtima, ndipo mubwelanso mailo. Mnyamata wathu uja, akamenya ka 6 pa par 4 bola ikalibe kulowa, atola, apita.

Koma mayi wachifundo amabisa zolakwa za mwana. Ngati nthawi zonse mutola bola zinthu zikavuta, simuzaphunzila kutuluka mu mavuto. Simuzadziwa kuti bola ikakhala pansi pa mtengo, nzelu ni kuikankhila pambali ibwelele pa fairway, osati kuyesa zamatsenga pakati pa nthambi. Simuzadziwa mwamene manja anjenjemela pa putt yaifupi pamene mudziwa kuti shot iyi ilembedwa. Stableford ikulimbikitsani kumenya driver paliponse, chifukwa chilango chachikulu ni zilo chabe. Medal ikuphunzitsani kufunsa: kodi apa nichite ngozi, olo nisewele mwanzelu?

Match play nayo ili na phunzilo lake. Apa mulimbana na munthu mmodzi, hole na hole, ndipo amene wawina ma hole ambili ndiye watenga. Imalimbitsa mtima. Koma mnzanu angakuuzeni kuti tolani, putt iyo nakupatsani. Mukazolowela mphatso zotele, tsiku la medal ka putt kaja kazaoneka kutali monga Kapiri.

Nanga scramble, ija ya pa ma golf day a makampani? Anthu anayi amenya, asankha shot yabwino, onse amenyela pamenepo. Mukondwela, mudya, mwina mubwelako na ambulela na kapu. Koma pepala la scramble sililowa mu handicap, chifukwa palibe amene wamenya bola yake yekha kuchoka pa tee mpaka mu hole. Mungawine scramble katatu osadziwa kutuluka mu mchenga.

MA BANDIT NA ODZIKWEZA

Pali ndalama pa nkhani iyi, tisanamizane. Anthu amabechelana, olo ka Mosi kamodzi, olo ma kwacha enieni. Ndiye pamabadwa mitundu iwili ya anthu.

Oyamba ni aja amene agofu amawacha ma bandit. Abisa mapepala abwino, apeleka oipa okha, kuti handicap ikhale pamwamba, abwele akolole mphoto tsiku la mpikisano. Malamulo ali na misampha yawo. Handicap ikakwela kupitilila ma shot 3 pamwamba pa nambala yanu yotsikitsitsa ya m'miyezi 12 yapita, kukwela kwake kuchepetsedwa na hafu, ndipo siingapitilile ma shot 5. Mukamenya round yodabwitsa, ma shot 7 olo kuposa pansi pa handicap yanu, amakudulani shot ina pamwamba. Koma chilango chenicheni ni dzina. Kopala ni mudzi umodzi. Mukachita ubandit ku Ndola, ku Nkana azamva musanafike.

Achiwili ni odzikweza. Awa apeleka mapepala abwino okha kuti azikamba pa bala ati "ine nili pa 9." Kumveka bwino, inde. Koma Chiwelu chilichonse ni amene alipila mabechi, chifukwa apatsa ena ma shot amene iwo eni alibe.

NGATI MALOTO ALI KUTALI

Kwa ma professional kulibe mbasela. Zambia Open, monga mipikisano yambili ikuluikulu, ni kupenda shot iliyonse. Ian Woosnam wa ku Wales anawina Zambia Open mu 1985, ndipo mu 1991 anavala jekete yobiliwila ya Masters ku Augusta. Madalitso Muthiya, mwana wa dziko lino, anakhala munthu woyamba wa ku Zambia kumenya mu US Open, mu 2006 pa Winged Foot ku New York, ndipo mu 2016 anawina mpikisano wa Sunshine Tour ku South Africa. Kumeneko kulibe zakuti tola bola tiyende.

Ndipo musapeputse caddie. Vincent Tshabalala wa ku South Africa anayamba na kunyamula ma bag, koma mu 1976 anawina French Open. Seve Ballesteros wa ku Spain nayenso anayambila pa ucaddie.

MANJE MUCHITE CHANI?

Ngati mungoyamba, menyani Stableford, musachite manyazi. Pezani handicap, zolowelani bwalo, kondwelani.

Mukaona kuti ma point yanu afika mu ma 30 kawilikawili, lowani mu medal, olo kamodzi pa mwezi. Izakuwawani, koma ndiye mankhwala.

Olo tsiku la Stableford, lembani ma shot enieni pambali pa ma point. Mukafika ku nyumba pendani zinthu zitatu: ma putt angati, ma bola angati anasowa olo kugwela mu manzi, na ma hole angati amene munapeza zilo. Pamene nambala ili yaikulu, ndiye pamene pafunika pulakatisi, osati driver tsiku na tsiku chifukwa imalila bwino.

Pelekani pepala lililonse lololedwa, labwino na loipa. Za mapepala a match play na four-ball, funsani amene asunga ma handicap pa club yanu, chifukwa bungwe la dziko lililonse limasankha lokha ngati awa alowa.

Handicap ingokamba pamene mwafika lelo. Kuti itsike, mufunika kukumana na ma 11 aja maso na maso, kuwalemba na pensulo yanu, na kubwelela ku mchenga womwe uja mpaka muleke kuuopa.