Galu amene anatsala bwato likunyamuka

Lero tikambe za nyama imene ambiri timaigenda isanatilakwire, ndipo dzina lake timalitchula tikafuna kunyoza mnzathu. Tikunena galu. Ife amene tinakulira kwa Nyachikadza, tsidya lija la Shire m'boma la Nsanje, m'dambo la Ndindi kumalire ndi Mozambique, tili naye ngongole mwanambwa, monga timamutchulira m'Chisena.

Atsibweni athu, amene ankagwira ntchito yaulonda ku Blantyre, anasiyiridwa galu wamkazi ndi bwana wawo pamene ankabwerera kwawo kunja. Posowa pomusunga m'tauni, anabwera naye kumudzi. Anali wa mtundu wa German Shepherd, umene ambiri amangouti galu wapolisi. Mtunduwu anaukhazikitsa ku Germany mu 1899 ndi msilikali wina, Max von Stephanitz, amene ankafuna galu wanzeru wothandiza kuweta nkhosa. Tangoganizani tsono, nyama ya ubweya wokhuthala, yoyenera dziko lozizira, kuitsitsa m'bwato kuchigwa kumene mu Okotobala kutentha kumapitirira madigiri 40.

Masana ankangogona m'matope pansi pa bango, lilime lili panja. Ntchito yathu anafe inali yomutungira madzi ndi kumuchotsa nkhupakupa. Agogo ankadandaula kuti galu ameneyu amadya ngati munthu wolima, ndipo sankanama. Koma poti nkhosa kunalibe, iye anayamba kuweta ife. Tikayandikira kudooko kumene ng'ona zimabisala, ankaima pakati pa ife ndi madzi n'kumatikankha ndi mutu wake. Palibe anamuphunzitsa zimenezi.

Anaberekana ndi agalu a m'mudzi momwemo. Ana ake anatenga makutu oimirira a mayi wawo, koma ubweya unanka nuchepa, ngati kuti nawonso anavomera kuti kwawo n'kuchigwa. Womaliza pa mzere umenewu tinamutcha Tidzaona. Paja kwathu dzina la galu limakhala uthenga wopita kwa oyandikana nawo nyumba.

Mu Januwale 2015 kunagwa mvula ija imene inachititsa Pulezidenti Peter Mutharika kulengeza kuti maboma 15 ali pangozi, ndipo Nsanje ndi Chikwawa ndiwo anavutika koposa. Usiku wina Tidzaona anauwa mosalekeza, uku akukanda chitseko. Ababa anadzuka ndi ndodo kuti akamukhalitse chete, koma potsitsa phazi pansi anaponda m'madzi. Akulu ananena kuti galu wamkota sakandira pachabe. Tikanagona ola lina, mwina nkhani ino mukanaimva kwa ena.

M'bandakucha kunapezeka bwato limodzi la mabanja awiri. Munalowa agogo, amayi, makanda ndi thumba limodzi la chimanga, madzi n'kutsala pang'ono kufika pamlomo pa bwatolo. Tidzaona anaika miyendo yakutsogolo m'mphepete mwake. Mlongo wathu wamng'ono analira kuti, "Ababa, m'nyamuleni!" Ababa sanayankhe. Anachotsa miyendo ya galuyo ndi manja awo, n'kuuza wopalasa kuti tiyeni. Anasambira pambuyo pathu kwa kanthawi, kenaka sitinamuonenso. Madzi ataphwa tinamufuna pa zulu zonse zimene mbuzi zina zinapulumukirapo, koma ayi ndithu.

Tinene mosabisa kuti ababa anachita bwino. Galu wolemera makilogalamu oposa 30 akagwedezeka m'bwato lodzaza chotero, onse mumira, ndipo moyo wa khanda sungayezedwe ndi wa chiweto. Chimene timakana n'chimene ena anatiuza kumsasa wa othawa madzi, kuti kudandaula galu pamene anthu afa n'chibwana. Tinalira anthu, ena a iwo abale athu enieni, ndipo kulirako sikunachepe chifukwa choti tinakumbukanso amene anatidzutsa.

Buku Lopatulika nthawi zambiri silimutchula bwino galu, monganso ife. Komabe pa Miyambo 12:10 chisamaliro cha munthu pa chiweto chake chikuwerengedwa ngati chizindikiro cha chilungamo, ndipo mu Genesis 9 pangano la pambuyo pa chigumula silinali la Nowa ndi ana ake okha, linakhudzanso zamoyo zonse zimene zinatuluka m'chingalawa. Ife a kudambo, amene chigumula sitichita kuchimva m'maulaliki, mutu umenewu timauwerenga ndi mtima wina. Nowa anali ndi malo a nyama. Ife tinalibe, ndipo zimenezi zimatiwawabe.

Mwina wina afunsa kuti bwanji osangosamukiratu kumtunda, monga boma lakhala likupempha kwa zaka zambiri. Funsoli n'lalikulu kuposa danga lino. Tingoti nthaka imene madzi amasiya imabereka chimanga, mbatata ndi nyemba popanda feteleza, ndipo wothawira kumtunda amakapeza minda ili ndi eni ake.

Kwa zaka zinayi pakhomo pathu panalibe galu. Mitu ya nsomba amayi ankangotayira nkhuku. Namondwe wa Idai atadutsa mu Malichi 2019, ababa anabwera ndi kamwana kagalu wamba, kofiirira, kopanda mbiri ya ku Germany. Anayamba ndi kukabayitsa katemera wa chiwewe kwa alangizi a ziweto, chinthu chimene kale sitinkachilabadira ngakhale tinkadyera pafupi ndi agalu athu. Chiwewe chikaonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika, ndipo wolumidwa ayenera kutsuka bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo, Disembala aliyense mvula isanalimbe, ababa amamuwolotsa galuyo kukamusiya kwa azakhali kumtunda, n'kukamutenga madzi akaphwa. Anzawo amawaseka kuti akulipirira galu bwato, ndi kuti akuchotsa mlonda pa nyengo imene akufunika kwambiri. Iwo amangoti usiku wa mvula adzidzuka okha. Pamene namondwe wa Freddy anafika mu Malichi 2023, galuyo anali kale kwa azakhali, ndipo anatilandira ndi iye titatsika m'bwato.