Musanagule Injini ya Boti, Yambani Mwaona Madzi Anu

Dzinja likafika, Lupande ndi Luangwa zimasefukira, ndipo alimi ena a kwa Nsefu ndi kwa Malama amasowa potulutsira katundu wao. Cifukwa cace magulu a alimi amaganiza zosonkha ndalama kuti agule boti la injini. Koma injini zonse sizifanana, ndipo gulu likasankha molakwa lataya cuma ca caka cathunthu.

Mtundu woyamba ndiwo injini yokoloweka kumbuyo kwa boti, monga za Yamaha zimene asodzi a ku Nyanja ya Malawi amazikonda. Injini, mwendo wace ndi pulopela ziri pamodzi, ndipo woyendetsa amakhotetsa boti pakutembenuza injini yonseyo. Ubwino wace pa Luangwa ndi uwu: mukafika posaya mungathe kuiweramitsa kuti pulopela ituluke m'madzi, madzulo nkuimasula kukaisunga m'nyumba. Koma tamverani! Injiniyi imazizira ndi madzi a mumtsinje momwemo, ndipo mcenga umadya kampira kopopa madziwo. Mukaona kuti madzi aleka kutumphuka kumbuyo kwa injini, izimitseni pomwepo isanapse.

Injini zokolowekazi ziri pawiri. Ya two-stroke njopepuka ndi yosabvuta kukonza, koma imamwa petulo wambiri, ndipo petuloyo ayenera kusakanizidwa ndi oilo. Zambiri zimafuna lita 1 ya oilo pa malita 50 a petulo, koma tsatani buku lace. Ya four-stroke oilo wace amakhala payekha monga m'galimoto. Imasunga petulo, koma njolemera ndi yokwera mtengo. Yesaninso thabwa la kumbuyo kwa boti: la mainci 15 lifuna mwendo waufupi, la mainci 20 wautali.

Mtundu waciwiri ndiwo injini ya dizilo yokhala m'kati mwa boti, yozunguza pulopela ndi mtanda wacitsulo woboola pansi, ndipo boti limaongoka ndi tsigiro. Ndimo iyendera Ilala, imene inayamba nchito pa Nyanja ya Malawi m'caka ca 1951. Injini yotere imakhalitsa ndi kusenza katundu wolemera, koma pulopela yace sikwezeka, tsono pa mcenga wa Luangwa ingapindike ulendo woyamba womwe.

Ulipo mtundu wacitatu, umene kampani ya Volvo Penta inautulutsa mu 1959: injini m'kati, mwendo wokhota kunja. Umenewu tingousiyira eni cuma, pakuti zitsulo zace zikaonongeka mudzabvutika kuzipeza ku Chipata.