Chinsinsi chili m'magazi a makolo athu

Mwina pakhomo panu pali mwana wodwaladwala. Manja ndi mapazi zimatupa, maso amachita chikasu, mafupa amaphwanya usiku wonse, ndipo kuchipatala amati magazi achepa. Mwinanso agogo amanong'ona kuti mlongo wawo anamwalira chimodzimodzi ali wamng'ono, koma nkhaniyo sikambidwa poyera. Ena amaloza chala mayi, ena amathamangira kukaombeza.

Kuyezetsa magazi kungaulule chimene banja lakhala likubisa kapena kusachidziwa. Akhoza kukhala matenda a sikoselo. Maselo ofiira a magazi amapindika ngati chikwakwa, n'kumatseka timitsempha ting'onoting'ono.

Mvetsetsani apa: mwana amadwala pokhapokha atatengera kwa makolo onse awiri. Kholo lokhala ndi mbewu imodzi ya sikoselo limakhala lathanzi, limalima ndi kusenza katundu osadziwa kanthu. Bambo ndi mayi akakhala nayo onse, pa mimba iliyonse mpata woti mwana adwale ndi 1 mwa 4, woti angonyamula mbewuyo ndi 2 mwa 4, woti asatenge konse ndi 1 mwa 4. Choncho si mlandu wa mayi yekha, ndiponso si ufiti.

Si chinthu chochititsa manyazi ayi. M'chaka cha 1954, Anthony Allison, amene ankafufuza kum'mawa kwa Africa, anaonetsa kuti onyamula mbewu imodzi amatetezekako ku malungo. N'chifukwa chake inafala pakati pa makolo athu, tsidya lino ndi tsidya ilo la malire.

Nanga zotsatira zikati bambo alibe mbewuyo? Abambo, musafulumire kuthamangitsa mkazi. Pali vuto lina lotengera la magazi, talasemiya, lomwe likakumana ndi mbewu ya mayi limadwalitsanso mwana, ndipo kuyeza wamba sikulionetsa. Zotsatira zimalakwikanso nthawi zina. Bwererani nonse awiri kwa achipatala, ndipo ngati mitima yatentha, itanani ankhoswe.

Pakadali pano, mwanayo agone mu neti, alandire katemera yense, amwe madzi ambiri, ndipo afunde bwino nyengo yozizira. Thupi likatentha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Funsaninso za mankhwala a penisilini, folic acid ndi hydroxyurea.

Inu achinyamata amene muli pa chitomero, funsani achipatala kumene mungayezetse nonse awiri. Inunso agogo, auzeni adzukulu za ana amene munaika m'manda ali aang'ono. Nkhaniyo ingapulumutse amene ali kumbuyo lero.