Vulani mphete musanagwire Jik

Amayi ambiri safuna kuvula mphete ya ukwati chifukwa inadalitsidwa pa guwa. Amachapa nayo, amatsuka nayo mbale, ngakhale pokolopa m'tchalitchi ndi Jik imakhala ili kuchala. Komatu kuivula pogwira ntchito si kunyoza Sakramenti la Ukwati ayi, ndi kuisamala.

Golide payekha ndi wofewa, n'chifukwa chake amamusakaniza ndi zitsulo zina monga kopa ndi siliva. Mphete yolembedwa 375 m'kati mwake ili ndi magawo 375 okha a golide mwa magawo 1,000. Klorini wa mu Jik amadya zitsulo zinazo pang'onopang'ono mpaka mphete imang'aluka. Madzi akumwa othira klorini pa mlingo woyenera alibe vuto, musasiye kuwateteza.

Siliva, amene amalembedwa 925, amada akakhudzana ndi mazira, anyezi kapena mphira. Ndolo, matcheni, mendulo ndi makolona ambiri apamsika amangopakidwa golide pamwamba. Thukuta, pefyumu ndi mankhwala owongolera tsitsi zimasupula utotowo. Ukachoka, kopa amasiya zobiriwira pakhungu, pomwe chitsulo cha nickel chimatulutsa nsungu zoyabwa kwa anthu ena. Mafuta ena oyeretsa khungu ali ndi mercury, amene amatuwitsa golide komanso kuwononga impso zanu. Apeweni.

Pansi pa mphete pamatsalira sopo ndi chinyontho, ndipo pamabisala tizilombo toyambitsa matenda. Ivuleni pokanda ufa wa mandasi ndiponso posamalira wodwala.

Chitani izi, amayi anzanga:

Musanachape kapena kusamba, ikani mphete pamalo amodzi odziwika, osati pamphepete pa beseni kapena pamjigo.

Zodzikongoletsera muzivala pomaliza, mutadzola kale mafuta ndi pefyumu.

Zikada, tsukani m'madzi ofunda ndi sopo pang'ono, mutsukuluze, n'kupukuta ndi kansalu kofewa. Phulusa, mchenga ndi Vim zimakanda.

Sungani chilichonse m'kansalu kakekake pamalo ouma.

Kwa amayi oyembekezera: zala zimatupa miyezi ikamatha, choncho vulani mphete isanathine, chifukwa ikakanirira kuchipatala timachita kuidula. Mungathe kuimangirira pakachingwe n'kuivala m'khosi. Koma manja ndi nkhope zikatupa mwadzidzidzi, mutu n'kumawawa kwambiri kapena maso kuchita chidima, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo akakuyezeni kuthamanga kwa magazi. Pamenepo nkhani si ya mphetenso, ndi ya moyo wanu ndi wa mwana.